Lachitatu pa Geti la Ndende

Msilikali amalasa mpunga wanga ndi supuni,
kufuna lezala, kufuna chamba.
Amapezamo mpunga.
Lachitatu lililonse amapezamo mpunga
ndipo amaoneka wokhumudwa.

Ndimanyamuka ku Benga kusanayere,
bakuli pamiyendo, kumbuyo kwa matola,
kudzaona Sakina, mng'ono wanga,
amene walowa chaka chachitatu kuno ku Nkhotakota
kudikira mlandu umene sunayambe n'komwe.
Akuti failo inapita ku Lilongwe.
Akuti galimoto ilibe mafuta.
Akuti woweruza ali kumaliro,
maliro osaikidwa mpaka lero.

Kanayi konse Sakina anapita kupolisi.
Koyamba, diso litatupa ngati dzira la bakha,
anamuuza kuti banja ndi kupirira.
Kachiwiri ananyamula dzino lake m'kapepala ka shuga,
iwo n'kufunsa: nanga inu munayankha chiyani
kuti bambo apse mtima chonchi?
Kachitatu anamuitana Jafali, n'kuseka naye za mpira.
Kachinayi cholembera chinasowa.
Koma usiku umene mpini wa khasu unatembenuka,
umene dzanja lozolowera kutchinga nkhope
linabwezera kamodzi kokha,
galimoto ija inapeza mafuta.

Jafali ali moyo. Amatsimphina pang'ono.
Anakwatiranso ku Dwangwa.
Ndamva kuti mkaziyo wayamba kufunda chitenje kumaso
ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Sabata yomweyo anagwira mzungu wa pafamu ija
atathyola nthiti za mlonda wake ndi chitsulo cha jeke.
Anamupatsa mpando.
Anamufunsa ngati sakumva kutentha.
Dzuwa lisanapendeke anali atatuluka pa belo,
wapolisi wa khungu ngati langali
akumutsegulira chitseko ndi manja awiri.
Malamulo sindinaphunzire, ndinalekeza sitandade seveni,
koma ndimagulitsa mpunga ine.
Chala chikagona pasikelo ndimachiona.

M'katimo amagona ngati nzimbe pathirakitala,
wina akafuna kutembenuka ayambe wadzutsa mzere wonse.
Muli mayi amene anaba nkhuku ya mlamu wake.
Muli mtsikana amene anapita padera, iwo n'kumati anachotsa dala.
Muli kamwana kobadwira momwemo
kamene mawu ake oyamba anali akuti bwana.

Ndiye ndinagula kope, lija la ana asukulu,
ndinayamba kufunsa anzanga apamzere:
wanuyo dzina ndani, analowa liti, kukhoti anafikako?
Mwajuma, miyezi khumi ndi inayi.
Filesi, chindapusa chochepera mtengo wa mbuzi.
Tabiya, palibe akudziwa chimene anapalamula,
ngakhale amene anamutsekerayo anasamutsidwa kalekale.
Kope linadzaza mvula isanagwe.

Amalume akuti ndikuputa mavu nditavula.
Ndinawauza kuti mavuwo anatiluma kale.

Lolemba timakhala pakhonde la khoti, azimayi khumi ndi awiri.
Sitiimba, sitiponya mwala,
timangowerenga maina mokweza, limodzi limodzi,
ndi masiku ake.
Kalaliki anatseka windo. Tinakweza mawu.
Mwezi watha anatulutsa Filesi;
anaima pamsewu nthawi yaitali
ngati waiwala kuti munthu amatha kuyenda osauzidwa.
Mmodzi yekha. Atsala makumi atatu ndi mmodzi.

Sakina safunsanso za failo.
Amafunsa ngati mwana wake waguluka mano,
ngati mphunzitsi amamutchula dzina la bambo ake.
Ndimanama pang'ono. Amadziwa.

Lero msilikali uja atamaliza kulasa mpunga
sanandibwezere bakuli msanga.
Anayang'ana kumanzere, kumanja,
n'kunong'ona: mayi, m'kope mwanumo malo alipo?
Mchemwali wanga ali ku Kasungu, chaka chachiwiri.
Ndinatsegula chikuto chakumapeto,
pamene pali matebulo ochulukitsira,
n'kumuuza: nenani dzinalo pang'onopang'ono,
ndimalemba mochedwa.